Kochi watsopano wafika: muyembekezere chiyani, ndipo liti?

Tsiku limene timu yalengeza mphunzitsi wamkulu watsopano ndi tsiku lokhalo limene munthuyo amakhala wopanda mlandu. Sanagonjepo, sanakhazikepo pa benchi wosewera amene masapota amamukonda, sanatulutsepo munthu wolakwika mphindi 70 zitakwana. Amanyamula jezi pamaso pa atolankhani n'kulonjeza mpira wothamanga, wopita kutsogolo, wosangalatsa kuonera. Onse amanena zomwezo. Simudzamva kochi akulonjeza pa msonkhano wake woyamba kuti anthu 10 azikhala kumbuyo kudikira kona imodzi.

Akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo masapota amaukhulupiriradi mwambiwu. Palibe cholakwika pamenepo, chifukwa popanda chiyembekezo palibe amene angagule tikiti. Chimene chimasokoneza n'chakuti anthu ambiri amayembekezera zinthu zonse nthawi imodzi, pomwe ntchito ya kochi ili ndi magawo amene amapsa pa nthawi zosiyana. Zina zimaoneka pakatha masabata atatu, zina pakatha miyezi isanu, zina zimadikira kuti msika wa osewera utsegulidwe katatu. Sapota amene akudziwa chimene chiyenera kuoneka pa nthawi iti amatha kusiyanitsa kochi amene akumanga ndi kochi amene akungotaya nthawi, ndipo amatero ena asanayambe n'komwe kukuwa.

Tiyambire pa chifukwa chimene ntchitoyo yapezekera. Makochi ambiri amalembedwa chifukwa mnzawo walephera. Ndiye kuti pali china chimene chinawola kale, ndipo kawirikawiri chowolacho sichinanyamuke ndi amene wachotsedwayo. Osewera ndi omwewo, makontrakiti ndi omwewo, ovulala adakali kwa adokotala, ndipo akuluakulu amene anagula osewerawo adakali m'maofesi awo.

Osewera amene wawapeza

Timu yaikulu imakhala ndi osewera pafupifupi 25, ndipo ambiri amakhala pa makontrakiti a zaka zitatu, zinayi kapena zisanu. Msika wogula ndi kugulitsa osewera umatsegulidwa kawiri pa chaka: nthawi yaitali pakati pa sizoni imene yatha ndi imene ikubwera, ndi nthawi yaifupi sizoni ili pakati, imene ku Ulaya imakhala mu January. Msika waufupiwu ndi wodula komanso wosauka. Timu imene ili ndi wosewera wabwino siifuna kumutaya mpikisano uli mkati, ndiye imakweza mtengo, ndipo amene amapezeka mosavuta ndi ovulala, okwiya kapena amene akhala pa benchi miyezi inayi. Kochi amene wafika mu November n'kumalonjezedwa kuti adzakonza zinthu mu January, kawirikawiri amapeza munthu mmodzi kapena awiri, mwina obwereka.

Masapota amakonda kunena kuti “angowagulitsa onsewo”. Kugulitsa kuli ndi masamu ake. Ndalama zogulira wosewera zimalembedwa m'mabuku a timu mogawa pa zaka za kontrakiti yake. Tiyerekeze kuti wina anagulidwa pa mapaundi 50 miliyoni n'kusaina zaka zisanu. M'mabuku amadya 10 miliyoni chaka chilichonse, ndipo pakatha zaka ziwiri mtengo wake wa m'mabuku ndi 30 miliyoni. Ngati wasewera moipa ndipo ogula akupereka 20 miliyoni, kumugulitsa kumalembedwa ngati kuluza 10 miliyoni chaka chomwecho. Onjezani apo kuti malipiro ake ndi okwera kuposa amene timu yogulayo ingakwanitse, ndiye iye mwini alibe chifukwa chochokera. Kumene kuli malamulo oletsa kuluza ndalama mopyola muyeso, nkhani imeneyi si yamasewera. Mu Premier League ya ku England malire anali mapaundi 105 miliyoni pa zaka zitatu, ndipo mu November 2023 Everton inalandidwa mapointi 10, amene anadzatsitsidwa kufika pa 6 itachita apilo. Nottingham Forest inalandidwa 4 mu March 2024. Choncho wosewera amene inu mwatopa naye akhoza kukhalabe m'timu sizoni ina yathunthu, kochi akumufuna kapena ayi.

Taonani mmene zinayendera kwa awiri amene masiku ano amatchulidwa ngati akatswiri. Pep Guardiola anafika ku Manchester City mu 2016, ndipo sizoni yake yoyamba anathera pa nambala 3 wopanda chikho chilichonse. Mpira wake umadalira kwambiri otchinga a m'mbali othamanga, koma amene anawapeza, Pablo Zabaleta, Bacary Sagna, Gaël Clichy ndi Aleksandar Kolarov, onse anali atakwanitsa zaka 30. Onse anayi anachoka mu 2017, kunabwera Kyle Walker, Benjamin Mendy, Danilo ndi goloboyi Ederson, ndipo sizoni yotsatira timuyo inatenga ligi ndi mapointi 100. Nzeru za Guardiola sizinasinthe pakati pa zaka ziwirizo. Chimene chinasintha ndi miyendo yoti ichite zimene ankafuna.

Jürgen Klopp anafika ku Liverpool mu October 2015. Anathera pa nambala 8, anagonja mu ndime zomaliza za zikho ziwiri mu 2016, anagonjanso mu fainolo ya Champions League mu 2018. Virgil van Dijk anabwera mu January 2018 pa mapaundi 75 miliyoni, Alisson anabwera pakati pa chaka chomwecho, chikho choyamba chinafika mu 2019, ligi mu 2020. Kuchokera tsiku lofika mpaka chikho choyamba panadutsa zaka zoposa zitatu ndi theka.

Palinso funso limene masapota ambiri salifunsa: amagula osewera ndani? M'matimu ambiri masiku ano kochi amaphunzitsa ndi kusankha oti asewere, koma kugula kuli m'manja mwa dayilekita wa zamasewero ndi gulu lake lofufuza osewera. Kochi amangonena kuti akufuna wapakati wamanzere wodziwa kulanda mpira, ndipo amapatsidwa mayina atatu kuti asankhepo. Ngati wogulidwayo walephera, mlandu ndi wa anthu angapo, koma amene amaonekera pa kanema Loweruka lililonse ndi kochi yekha. David Moyes atalowa m'malo mwa Alex Ferguson ku Manchester United mu 2013, mkulu woyendetsa timuyo David Gill anachokanso nthawi yomweyo. Ofesi inali yatsopano, benchi inali yatsopano, ndipo wosewera wamkulu yekha amene anagulidwa pa msika umenewo anali Marouane Fellaini, pa tsiku lomaliza.

Masiku a trening'i ndi ochepa kuposa mmene mukuganizira

Kochi amene walembedwa sizoni isanayambe amakhala ndi masabata pafupifupi 6 okonzekera. Masabata awiri oyamba amathera pa kulimbitsa thupi, ena amadyedwa ndi maulendo ndi masewero apaubale, ndipo osewera amene anali ku matimu a mayiko awo amabwera mochedwa. Komabe nthawi imeneyi ndi chuma. Amene walembedwa sizoni ili pakati alibe ngakhale imeneyo.

Tiwerenge sabata imodzi ya timu imene imasewera Loweruka lokha. Lamlungu amene anasewera amangotakasa thupi pang'ono, pomwe amene anali pa benchi amathamanga kwambiri kuti asatsalire. Lolemba nthawi zambiri ndi lopuma. Lachiwiri ndi Lachitatu ndi masiku a ntchito yolemetsa, ndipo ndi pamenepa pamene kochi angaphunzitse chinthu chatsopano osewera akuthamanga ngati ali pa gemu. Lachinayi amakonzekera timu imene akukakumana nayo. Lachisanu n'lopepuka: makona, mafirikiki, ndi kukumbutsana malo. Ndiye kuti pa sabata pali masiku awiri kapena atatu enieni ophunzitsira, lililonse la mphindi pafupifupi 90. Timu ikakhala kuti ikuseweranso Lachiwiri kapena Lachitatu, masiku amenewa amatheratu, chifukwa thupi limafuna masiku awiri kapena atatu kuti libwerere mwakale pambuyo pa gemu. Kochi amatsala ndi kanema wa m'chipinda ndi kuyenda pang'onopang'ono pa bwalo akuloza ndi chala. Ikafika nthawi ya masewero a mayiko, amene masapota amaiona ngati masabata awiri a mwayi, osewera ake abwino kwambiri amakhala atakwera ndege.

Chifukwa cha kuchepa kwa nthawiku, zinthu zimasintha motsatana, ndipo ndondomeko yake siisintha kwenikweni. Choyamba kuoneka ndi mipira yoima ndi kaimidwe ka timu ikakhala ilibe mpira. Kuuza anthu kuti pa kona uyu aime pa mtengo wapafupi, atatu awa asunge malo, awiri awa agwire anthu, n'chinthu chimene chingaphunzitsidwe m'masiku ochepa. Chimodzimodzi kuchepetsa mpata pakati pa otchinga kumbuyo ndi apakati. Ngati patha masewero 6 timu ikuchinyidwabe zigoli za pa kona zofanana ndi zimene zinachotsetsa mnzake uja, pamenepo muli ndi ufulu wofunsa.

Chachiwiri ndi kupanikiza adani kumtunda kuti mpira ulandidwe pafupi ndi golo lawo. Izi zimatenga miyezi, chifukwa si nkhani ya kuthamanga chabe. Pamafunika chizindikiro chimene onse akuchidziwa, monga mpira ukapita kwa wotchinga wa m'mbali kapena ukabwezedwa kwa goloboyi, ndipo anthu asanu kapena 6 ayenera kunyamuka limodzi. Mmodzi akachedwa ndi sekondi imodzi, mdani amapeza munthu womasuka pakati, amatembenuka, ndipo otchinga anu amene akwera mpaka pa mzere wapakati amatsala akuthamangira golo lawo. Timu imene ikuphunzira kupanikiza imachinyidwa zigoli zooneka zopusa. Chofunika kuyang'ana ndi chakuti kodi zigoli zoterozo zikuchepa mwezi ndi mwezi.

Pomwepa pamabweranso zovulala. Thupi limene linazolowera kudikira kumbuyo likauzidwa mwadzidzidzi kuti lizithamanga liwiro lonse kambirimbiri pa gemu, mnofu wa kumbuyo kwa ntchafu ndi umene umayamba kudandaula. Kung'ambika pang'ono kumadya masabata awiri kapena atatu, kukakula kumadya miyezi iwiri kapena kuposa, ndipo amene wabwerera msanga amavulalanso pamalo pomwepo. Kochi wanzeru amakweza katundu pang'onopang'ono ndipo amamvera madokotala, ngakhale zitanthauze kuti mpira wake uchedwa kuoneka.

Chomaliza kupsa ndi kuyambira mpira kumbuyo, kupatsirana kuchokera kwa goloboyi mpaka kutsogolo. Apa mpamene masapota amapsa mtima kwambiri, chifukwa cholakwa chilichonse chimachitikira pakhomo pa golo lawo. Kaseweredwe kameneka kamafuna goloboyi wodziwa kugwiritsa ntchito mapazi onse, otchinga apakati osachita mantha mdani akawayandikira, ndi wapakati wodziwa kulandira mpira atafulatira golo la adani. Ngati anthu oterewa palibe, kochi ali ndi njira ziwiri: kudikira msika, kapena kukakamiza amene alipo. Frank de Boer anasankha kukakamiza ku Crystal Palace mu 2017, pa timu imene inazolowera mpira wolunjika kutsogolo. Anagonja masewero anayi oyamba a ligi osachinya ngakhale chigoli chimodzi, ndipo anachotsedwa atagwira ntchito masiku 77 okha. Pamenepo olakwa kwambiri anali amene anamulemba, chifukwa ankadziwa mpira wake komanso ankadziwa osewera awo.

Chisangalalo cha masabata oyamba

Nthawi zambiri timu ikasintha kochi imayamba kupambana, ndipo aliyense amati mankhwala apezeka. Pali zifukwa zenizeni: amene anali pa benchi amaona mwayi, amene anayambana ndi kochi wakale amapumira m'mwamba, adani sanadziwe mmene timuyo isewerere. Koma gawo lalikulu ndi masamu wamba. Kochi amachotsedwa timu ikakhala pansi penipeni, itagonja mwina kasanu motsatizana, ndipo mzere woipa choncho nthawi zonse umakhala ndi tsoka mkati mwake: mpira womenya mtengo, penate yokayikitsa, khadi lofiira, ndandanda wa matimu amphamvu otsatizana. Tsoka silikhalitsa. Ngakhale kochi wakale akanakhalabe, zotsatira zikanakwerako. Akuluakulu a matimu amadziwa zimenezi, ndipo ena amasankha dala kusintha kochi pamene kutsogolo kuli masewero ofewa.

Ole Gunnar Solskjaer anapatsidwa Manchester United mogwirizira mu December 2018 ndipo anapambana masewero 8 oyamba. Mu March 2019 anatulutsa Paris Saint-Germain mu Champions League atapambana 3-1 ku Paris, ndipo mwezi womwewo anapatsidwa kontrakiti ya zaka zitatu. Pa masewero 10 amene anatsala sizoni imeneyo anapambana awiri. Ange Postecoglou anayamba ku Tottenham mu 2023 ndi mapointi 26 pa masewero 10 oyamba a ligi, timu ili pamwamba pa tebulo. Mu November, pa gemu imodzi ndi Chelsea, anavulala Micky van de Ven ndi James Maddison, ena awiri analandira makhadi ofiira, ndipo anagonja katatu motsatizana. Anathera pa nambala 5, malo abwino ndithu kwa timu imene inali itangogulitsa Harry Kane, koma kwa amene anali atayamba kuwerengera ligi mu October anaoneka ngati kugwa.

Mpira ndi masewero a zigoli zochepa, pakati pa ziwiri ndi zitatu pa gemu m'maligi ambiri, ndiye mwayi umalamula zambiri pa masewero ochepa. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere: timu ikhoza kupambana 1-0 katatu goloboyi wake akupulumutsa mipira 7 gemu iliyonse. N'chifukwa chake ofufuza amagwiritsa ntchito muyeso wotchedwa xG, umene umaonetsa mwayi woti shoti iliyonse ikhale chigoli potengera malo amene yawombedwera ndi mmene mpira unafikira. Penate imakhala pafupifupi 0.76, kusonyeza kuti mwa mapenate anayi atatu amalowa. Shoti ya kutali kunja kwa bokosi imakhala pansi pa 0.05. Muyesowu uli ndi zofooka zake, ndipo pa gemu imodzi sunena zambiri, koma mukaphatikiza masewero 10 kapena 15 umakuuzani ngati timu ikupanga mipata yabwino kuposa imene ikupereka. Ngati mulibe manambalawa, werengani nokha: ndi kangati pamene timu yanu yawombera mkati mwa bokosi, ndipo ndi kangati pamene adani atero? Ndi kangati pamene mdani wapezeka yekha ndi goloboyi wanu? Zimenezi zimalosera za mawa bwino kuposa tebulo la mu September.

Mapointi nawo awerengedwe mwa avereji, osati mwa gemu ya dzulo. Mu ligi ya matimu 20 ndi masewero 38, pointi imodzi pa gemu imakupatsani 38, amene ndi m'mphepete mwa kutuluka mu ligi. Pointi imodzi ndi theka ndi 57, pakati chakumtunda. Kuti mulowe m'matimu anayi apamwamba mumafunika pafupifupi 70, ndipo wotenga ligi nthawi zambiri amadutsa 85. Tengani avereji ya kochi wakale pa masewero ake 30 omaliza, osati asanu omaliza okha, muifanizire ndi ya watsopano akakwanitsa masewero 15 kapena 20, ndipo muone ngati pa masewerowo wakumana kale ndi matimu akuluakulu. Kenako funsani kuti timu yanu ndi ya nambala chani pa malipiro a osewera. M'maligi ambiri, mukatenga zaka zingapo pamodzi, malo a pa tebulo amatsatira kwambiri ndalama za malipiro. Kochi wa timu ya nambala 12 pa malipiro amene wathera pa nambala 8 wagwira ntchito yaikulu kuposa wa timu yolemera koposa amene wathera pa nambala 3, ngakhale nyimbo za masapota sizinena choncho.

Za m'chipinda chovalira sitiziona, koma utsi wake umatuluka. Kochi aliyense watsopano amapeza osewera atatu kapena anayi akuluakulu amene anzawo amawamvera, ndipo ayenera kusankha msanga amene ayende nawo ndi amene awatsegulire khomo. Brian Clough anapita ku Leeds United mu 1974, timu imene inali itangotenga ligi ndi Don Revie, atakhala akunyoza poyera kaseweredwe ka osewera omwewo. Anatha masiku 44. Ku Arsenal, Mikel Arteta analanda ukaputeni Pierre-Emerick Aubameyang mu December 2021, munthu amene zigoli zake zinamupatsa FA Cup mu 2020, ndipo akuluakulu a Arsenal anaima ndi kochi mpaka wosewerayo anapita ku Barcelona. Kusiyana kwa nkhani ziwirizi kuli pa amene ali kumbuyo kwa kochi. Mukaona nyenyezi yakhazikidwa pa benchi, musathamangire kufunsa ngati kochi akulondola. Yang'anani kaye ngati bodi ikumuikira kumbuyo, ndipo ngati osewera enawo akuthamangabe. Pempho loti “aike ana a ku akademe” nalo lili ndi nthawi yake. Mnyamata wa zaka 18 amakula bwino akalowa m'timu imene ikudziwa chimene ikuchita, osati imene ikumira.

Nanga kudekha kuthere pati?

Nthawi zonse kochi akayamba kuvutika, wina amatchula Ferguson. Zoona, anafika ku Manchester United mu November 1986, anathera pa nambala 11 kawiri ndi pa 13 kamodzi, chikho choyamba chinabwera mu 1990 ndipo ligi mu 1993. Arteta naye anathera pa nambala 8 kawiri, anayamba sizoni ya 2021 ndi kugonja katatu ali pansi pa tebulo, n'kudzafika pa nambala 2 mu 2023. Koma timakumbukira amenewa chifukwa anapambana. Makochi ambirimbiri anapatsidwa zaka zitatu n'kusiya timu pomwe anaipeza kapena pansi pake, ndipo mayina awo palibe amawatchula. Nthawi payokha siiphunzitsa timu kutchinga kona.

Ndipo alipo amene safuna nthawi yaitali. Arsène Wenger anafika ku Arsenal mu 1996 kuchokera ku Nagoya Grampus ya ku Japan, anthu ambiri ku England osamudziwa, ndipo mu 1998 anatenga ligi ndi FA Cup. Xabi Alonso anapeza Bayer Leverkusen ili pa nambala 17 mwa matimu 18 mu October 2022, anathera pa nambala 6, anawonjezera Granit Xhaka, Alejandro Grimaldo ndi Victor Boniface, ndipo mu 2024 anatenga Bundesliga, ligi ya ku Germany, osagonja gemu iliyonse. Arne Slot analowa m'malo mwa Klopp ku Liverpool mu 2024 n'kutenga ligi sizoni yake yoyamba ndi osewera pafupifupi omwewo. Chimene chimafanana mwa atatuwa n'chakuti anapeza osewera abwino kale. Choncho funso la nthawi limadalira chimene walandira. Wolandira timu yabwino imene yangosokonekera ayenera kuonetsa kusintha m'miyezi itatu kapena inayi. Wolandira timu yokalamba, ya malipiro okwera ndi osewera ogulidwa ndi makochi anayi osiyana amafunika misika iwiri kapena itatu.

Ngakhale pa timu yachiwiriyi, pali zimene muyenera kuziona sizoni yoyamba isanathe. Muyenera kutha kufotokoza mu ziganizo ziwiri chimene timu ikufuna kuchita ikakhala ndi mpira ndi ikakhala ilibe. Osewera 8 kapena 9 mwa 11 oyamba ayenera kukhala odziwika, osati kusintha asanu gemu iliyonse popanda wovulala. Payenera kukhala osewera awiri kapena atatu amene anali ofooka kale koma tsopano akusewera bwino, chifukwa umenewo ndiye umboni wa uphunzitsi weniweni, wosagula. Popeza tsopano amaloledwa kusintha osewera asanu, yang'ananinso ngati timu imalimba kapena imafooka pambuyo pa mphindi 60. Zizindikiro zoipa nazo n'zodziwika: kusintha kaimidwe sabata iliyonse, kudzudzula osewera pamaso pa atolankhani, kuchinyidwa chigoli chachiwiri patangopita mphindi zochepa chilowere choyamba, ndi osewera kuleka kuthamangira kumbuyo mpira ukatayika. Chomalizachi chikayamba kuoneka kawirikawiri, sichibwereranso.

Zimathandizanso kudziwa chimene eni timu anamuuza kochi, chifukwa chikhoza kusiyana ndi chimene inu mukufuna. Postecoglou anapatsa Tottenham Europa League mu May 2025, chikho chawo choyamba pa zaka 17, koma anathera pa nambala 17 mu ligi ndipo anachotsedwa mu June. Roberto Di Matteo anatenga Champions League ndi Chelsea mu May 2012 n'kuchotsedwa mu November. Claudio Ranieri anatenga ligi ndi Leicester City mu 2016 n'kuchotsedwa mu February 2017. Pitso Mosimane anapambana CAF Champions League kawiri ndi Al Ahly ya ku Egypt, anagonja mu fainolo yachitatu mu May 2022, ndipo mwezi wotsatira anasiyana ndi timuyo. Wakwata kwa mphezi saopa kung'anima, ndipo makochi amadziwa kuti kontrakiti ya zaka zinayi imanena za ndalama zimene adzalandire akachotsedwa, osati za zaka zimene adzakhale. Moyes anasaina zaka 6, anatha miyezi 10.

Kuchotsako kuli ndi mtengo umene masapota sauwerengera pokuwa kuti achoke. Kochi sabwera yekha. Amabwera ndi omuthandiza awiri kapena atatu, wophunzitsa magoloboyi, woona za kulimbitsa thupi ndi wofufuza kanema wa adani, ndipo onsewa amalipidwa akachotsedwa. Wolowa m'malo ngati ali pa ntchito kwina, timu yake imafuna chipukuta misozi. Ndalama zonsezi zimachoka m'thumba lomwelo limene likanagula wotchinga kumbuyo amene mwakhala mukumulirira. Choipa koposa ndi osewera amene anagulidwira kochi wochotsedwayo: otchinga a m'mbali ogulidwira kaimidwe ka anthu atatu kumbuyo sakwanira bwino kwa kochi wa anthu anayi, ndipo aliyense wa iwo watsala ndi zaka zitatu pa kontrakiti. Amene adzanyamule jezi pa msonkhano wotsatira adzawapeza onsewo pa trening'i Lachiwiri m'mawa.